Supa Guluu Amene Ndinamatira Mano Anga

Zimene ndikuuzenizi si nkhambakamwa ayi, zinandichitikira ineyo, ndipo wokayika abwere ku Bangwe ndidzamuyasamulire aone yekha chipsera chili m'kamwa mwangamu. Maina sinditchula, poti anthu ake tikupempherabe nawo tchalitchi chimodzi.

Mano anga anayi akutsogolo anathera pangozi ya minibasi tikuchokera kwathu ku Nsanje, ndiye kwa zaka zambiri ndakhala ndikuvala mano oikirira, aja amakhala pa kapulasitiki. Tsono kutatsala masiku awiri kuti mwana wanga wamkazi akwatiwe, ndikuwatsuka pampopi m'mawa, anandipulumuka n'kugwera pasimenti, kapulasitiki kaja n'kusweka pakati. Inu, mayi wa mkwatibwi kukavina perekaniperekani ndi magweru, makamera ali ponseponse? Akuchimuna akanati chiyani? Ndinazungulira nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira.

Kuchipatala anandiuza kuti mano ena angatheke pakatha milungu iwiri. Pobwerera ndinaima pamsika kwa bambo amene amandikonzera nsapato, ndipo nditaona mmene amadonthezera supa guluu pachidendene n'kugwira nthawi yomweyo, nzeru zoipa zinandibwerera. Sindinawafunse n'komwe, ndisawanamizire. Ndinangogula kachubu paokala, kufika kunyumba n'kumata, n'kuvala asanaumitsitse. M'kamwa munatentha ngati ndatafuna kambuzi, misozi n'kulengeza, koma pagalasi ndinaona mano ali mbee, ndiye ndinati zinazo n'zazing'ono.

Ukwati unayenda bwino, ndinavina mpaka anthu kundiimbira nthungululu. Vuto linali lakuti malovu ankafewetsa guluu uja, pakatha masiku angapo mano aja asweka, ine n'kumatanso. Kuchipatala sindinabwerereko, ndikatani poti dokotala ndinali naye m'chikwama, pafupi ndi kolona? Kenaka ndinayamba kudontheza pankhama penipeni kuti agwire bwino. Pasanathe miyezi iwiri nkhama zinayera, n'kuyamba kusupuka, panatuluka chilonda chosapola. Tiyi ankandiwawa, mano awiri oyandikana ndi mpata uja anayamba kugwedera, ndipo kukwaya amayi oima pafupi nane anayamba kusendera kumbali ndikatsegula pakamwa. Ndinkadziyang'ana pagalasi mwina kakhumi patsiku, mtima uli m'malere, ndikudzifunsa kuti kodi chikundidyachi n'chiyani.

Apa mpamene ndinachimwa. Ndinakumbukira kuti paukwati paja mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, amene tinakanganapo pa nkhani ya holo, ndiye anandipatsira mbale ya mpunga ndi dzanja lake. Ndinauza mnzanga mmodzi kuti ndikukayika kuti anandithirira kanthu, ndipo mukudziwa mmene nkhani zimayendera m'makwalala mwathumu, pofika Lamlungu Bangwe yense anali atadziwa kuti mayi uja ndi mfiti. Ndinasiya kumupatsa moni. Ndinachita novena, ndinachukucha m'kamwa ndi madzi odalitsidwa, koma ndikatha kupemphera ndinkatenga kachubu kaja n'kudonthezanso, osaganizako ngakhale pang'ono kuti mwina n'kameneka.

Lamlungu lina m'mawa, ndikuthamangira Misa, ndinafinya kwambiri, mlomo wam'mwamba n'kumatirira ku mano aja. Ndi mantha ndinakoka. Mnofu unatsalira pa kapulasitiki, magazi n'kuyenderera pa bulauzi yoyera ya kwaya, ndipo ndinakuwa osatha kutchula mawu. Amuna anga anali kuntchito ku Makata. Amene anamva kwa aneba n'kubwera akuthamanga, n'kundikweza minibasi atandigwira pamkono, anali mlamu wanga yemwe uja.

Dokotala wa mano, mtsikana wamng'ono ndithu, anandifunsa chimene ndakhala ndikuika m'kamwa, ine n'kukana kuti palibe. Anapala nkhama zija n'kundionetsa timakoko touma ta guluu, mlamu wanga ali chiimire pomwepo. Anati guluu ameneyo anamupangira nsapato ndi ziwiya, kuti mankhwala ake amaotcha ndi kupha timinofu tofewa ta m'kamwa, ndipo ine ndinkathira pachilonda chomwecho chisanapole. Anawonjezera kuti chilonda chokhalitsa choncho ayenera kuchidula pang'ono akachiyeze ngati sichinasanduke khansa. Milungu itatu yodikira ija sindinakhazikike malo amodzi, ndinkasesa panja posesa kale, ndinagawiratu ana anga zitenje mumtima.

Zotsatira zinabwera kuti si khansa, ndipo ndinalira ngati mwana. Koma mano awiri aja anazula, ndipo nkhama sizinabwererenso mmene zinalili. Masiku onsewo mlamu wanga ankanditumizira phala. Nditapita kukapepesa, anandiuza kuti zonse anazimva kalekale, kuti ana ake ankawatcha ana a mfiti kusukulu, ndipo anati wandikhululukira.

Lero ndimakhulupirira kuti mfiti yanga ndinkayenda nayo ndekha m'chikwama. Ndiye anzanga, dzino likathyoka kapena mano oikirira akasweka, pitani kuchipatala, ndipo akati mudikire, dikirani ndi magweru anuwo, manyazi sapha. Guluu musiyireni wokonza nsapato. Ndipo musanatchule munthu ufiti, yambani mwakhuthula chikwama chanu. Mlamu wanga timachezerana, timaseka, koma mpaka lero pamaliro kapena paukwati, ikafika mbale yanga, amapatsa munthu wina kuti andipatsire.