Kalata Yobwera ndi Magetsi

A Wallace Chiumia simungawaganizire kuti dzina lawo limadziwika kunja kwa dziko lino. Ndi aafupi, ali ndi dazi, ndipo malaya amamanga mabatani mpaka pakhosi ngakhale mu Okutobala, ife tonse pa Chintheche tikusungunuka ndi kutentha. Ine ndimasoka zovala pakhonde la sitolo yawo, zaka khumi ndi zinayi tsopano. Choncho zimene ndikunenazi si za m'maluwa, zina ndinazigwira ndi dzanja langali.

Moyo wawo wonse anali wotaipa makalata pa sukulu ina ya sekondale. Atapuma pantchito anagula makompyuta awiri akale n'kutsegula malo a intaneti pafupi ndi msika. Kuno nyumba iliyonse ili ndi munthu wake ku Joni, koma masiku amenewo ndi ochepa amene anali ndi adiresi ya imelo. A Chiumia anangopereka adiresi yawo kwa aliyense. Wolemba ankaika dzina la mwini kalata pamwamba, iwo n'kuisindikiza papepala, kenako n'kulemba dzinalo ndi choko pa bolodi la pakhomo. Odutsa popita kumsika ankaponya diso pa bolodipo.

Makalata atafika masauzande, kupeza imodzi kunakhala chintchito. A Chiumia anapeza pulogalamu yaulere imene imasunga makalata onse pakompyuta n'kulemba mndandanda wa mawu ali m'menemo, moti ukangotaipa dzina la munthu, makalata ake onse mbwee. Pulogalamuyo inalibe kampani. Ankaipanga ndi anthu a m'mayiko osiyanasiyana, osadziwana nkhope, osalipidwa. Woona vuto ankanena, wodziwa kukonza ankakonza. A Chiumia ankati zili ngati kukoka khoka, aliyense wafika agwire chingwe. Nawonso anagwira. Ankawalembera anzawo akutaliwo m'Chingerezi cha m'maofesi akale chija choyamba ndi kupepesa, ndipo ine ndinkawaseka kuti tsiku lina adzaipepesa kompyuta yomwe.

Pa anthu amene ankaima pa bolodi panali Lettie, mkazi wa Aleck Longwe. Aleck anapita ku Joni mu 2008 ndipo ankalemba mwezi ndi mwezi. Kalata yake yomaliza inafika mu Julayi 2010, kenako zii. Lettie anakhalabe pamudzi wa apongozi ake, a Jeremiah Longwe, akulima chinangwa ndi kulera kamwana kamodzi. Zitatha zaka zitatu, abale ake anapita kukapempha a Jeremiah kuti ammasule. Panali bambo wina wa ku Limphasa, a Weston, mlimi wa mpunga amene mkazi wake anamwalira, ndipo anali atafunsira mbeta mwaulemu. A Jeremiah anali atatsala pang'ono kuvomera.

Sabata yomweyo a Chiumia anaika mtundu watsopano wa pulogalamu ija. Lachitatu magetsi anazima m'mawa, n'kuyaka cha m'ma teni. Atayatsa kompyuta, pamwamba penipeni pa makalata atsopano panali kalata ya Aleck. Cholakwa chawo chinali chimodzi: chisangalalo chinawapitirira, analemba dzina la Lettie pa bolodi asanaiwerenge. Mtsikanayo anabwera chothamanga, nsalu ili m'manja, mapazi ali tuu ndi fumbi. Anawerenga pepalalo kawiri n'kuliika patebulo pang'onopang'ono.

"Ada, iyi ndili nayo kale kunyumba," anatero. "Ndi yomaliza ija."

Inalidi yomweyo, mawu ake osasintha: "Ndili bwino. Kuno kukuzizira kwambiri. Usatope kundidikira."

A Chiumia anapepesa, anafufuta bolodi, anaika chizindikiro chakuti kalatayo yawerengedwa. Loweruka magetsi anazimanso. Atayaka, kalata ya Aleck inali pamwamba ngati yangofika kumene. Pa makalata oposa zikwi zisanu ndi zinayi, inkadzuka ndi imeneyo yokha. M'miyezi iwiri inabwera kakhumi ndi kamodzi.

Nkhani simachedwa pa Chintheche. A Jeremiah anafika ndi ndodo yawo, anayang'ana pagalasi la kompyuta nthawi yaitali ngakhale maso awo saona bwino, n'kunena kuti, "Wakufa salemba kalata, Ada Chiumia. Mwana wanga ali moyo, ndipo mwamva zimene akunena. Mkazi wake sapita kulikonse." A Chiumia anayesa kufotokoza kuti ndi vuto la pulogalamu. Mkuluyo anangofunsa kuti, "Nanga vutolo likusankhiranji mwana wanga yekha?"

Ena ankanong'ona zina, kuti Aleck anafa kale ndipo ndi mzimu wake ukukaniza ukwati. A Weston anayamba kudutsa tsidya lina la msewu. Lettie anaonda mpaka diresi limene ndinamusokera pa Khirisimasi ndinalibweza kawiri m'chiuno. Ine sindine wamantha, ndipo mapemphero sindijomba, koma ndinene zoona, ndinatembenuza makina anga kuti ndisamakhale chofulatira chitseko cha sitolo. Magetsi akayaka, wailesi ya kometera tsitsi inkayamba kulira, owotcherera zitsulo n'kuyamba phokoso lawo, koma anthu pamsika ankakhala chete, maso onse ali kwa ife.

A Chiumia analembera anzawo aja. Kwa masiku angapo mayankho anali akuti kwa iwo sizikuchitika. Zikanachitika bwanji, poti kwawoko magetsi sazima? Kenako mayi wina wa ku Poland, amene ankayang'anira mbali yowerenga makalata, anapempha kuti amutumizire bokosi lonse la makalata kuti alifufuze yekha. A Chiumia anakana. Mmenemo munali matenda a anthu, mimba zapathengo, mikangano ya minda. Anamuyankha kuti zaka makumi atatu ali kalaliki sanaululepo za m'kalata ya munthu, ndiye sayambira paukalamba. Ine ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti mwana wa eni akutha ngati sopo iwo ali kalikiliki kusunga ulemu wa mapepala.

Mayi uja sanakwiye. Anati ngati makalata sangapite kwa iye, ndiye a Chiumia akhale maso ake ndi manja ake. Anawaphunzitsa kugawa makalatawo pawiri, kuika theka limodzi lokha m'pulogalamu, kuzimitsa kompyuta mwadzidzidzi, n'kuona ngati vutolo libwera. Likabwera, agawenso thekalo pawiri. Ankatumiza malangizo, a Chiumia n'kuyesa, n'kubweza zimene aona, tsiku lonse osadya. Panalinso mnyamata wina wa ku Brazil amene ankawerenga zonsezo n'kumaponyapo maganizo ake.

Ntchito yozimitsa inagwera ine, chifukwa soketi inali kuseri kwa kabati ndipo msana wa a Chiumia sunkalola. Iwo akati, "Zulani," ine ndinkazula pulagi. Tikayatsa, Aleck uyo pamwamba. Usatope kundidikira. Tinachita zimenezi masiku atatu, masana dzuwa lili phwee, koma nthawi iliyonse imene dzinalo latuluka ndinkayang'ana kumbali. Ndinayamba kuona ngati ndine ndikumuitana.

Mulu unachepa: mazana, makumi, kenako makalata asanu. Tsiku lachitatu a Chiumia anasiya kalata ya Aleck yokhayokha. Ndinazula, tinayatsa, ndipo sinadzuke. Anabwezeramo kachidutswa ka zilembo kamene kanali kotsatana nayo m'bokosi la makalata. Ndinazula, tinayatsa, inadzuka. Apo a Chiumia anavula magalasi, anawapukuta, n'kundiitana ndi mawu otsika.

"Tayang'anani apa pansi. Kompyuta ikuti muli makalata angati?"

"Awiri," ndinatero.

"Nanga tikuona angati?"

Tinkaona imodzi. Ndinatuluka panja kukaima padzuwa.

Mayi wa ku Poland anamvetsa msanga. Kachidutswa kaja kanali kalata ina, imene inabwera pambuyo pa ya Aleck koma inafika yoduka, mwina magetsi anazima ikulowa. Pulogalamu inkati ikafika pamenepo inkalephera kuiwerenga n'kuidumpha mwakachetechete, ndipo inakhala ikutero kuyambira kale. Mtundu watsopanowu unkawerenganso makalata onse kompyuta ikazima mwadzidzidzi. Unkazindikira kuti pali kalata imene munthu sanaitsegulepo, koma polephera kuionetsa, chizindikiro cha kalata yatsopano chinkagwera pa yoyandikana nayo. Kalata yatsopano inalipodi. Kungoti sinali ya Aleck.

Mnyamata wa ku Brazil anatumiza chokonza chake tsiku lomwelo: pulogalamu izitaya makalata oduka, vuto lithe. A Chiumia anakana kachiwiri. Analemba kuti kalata yong'ambika ndi kalatabe, ili ndi mwini wake, ndipo wonyamula makalata alibe ufulu woitaya. Anakhala pansi n'kulemba okha mizere inayi yakuti pulogalamu izionetsa chilichonse chimene yakwanitsa kuwerenga. Aka kanali koyamba kuti alembe chinthu chotere. Mayi uja anawabwezera kawiri kuti akonze, kachitatu anavomera, n'kuika dzina lawo pa mndandanda wa okonza pulogalamuyo.

Tinayesa Lolemba masana. Ndinazula pulagi komaliza. Titayatsa, ya Aleck inakhala pamalo pake pakati pa makalata a 2010, ndipo pamwamba panatuluka ina, ya pa 3 Ogasiti chaka chomwecho.

"Kwa Lettie Longwe ndi a Jeremiah Longwe. Ine ndine Griffin Manda, ndimagona chipinda chimodzi ndi Aleck. Aleck watisiya Lachiwiri, chinali chibayo. Thupi lili ku mochale. Akuti abale akapanda kuoneka pofika kumapeto kwa mwezi uno, amuika okha kumanda a anthu opanda abale. Ine mapepala ndilibe, sindingapiteko. Chonde yankhani msanga. Nambala yanga ndi 07"

Inathera pomwepo. A Chiumia anayankha nthawi yomweyo, ngati kuti zaka zitatu sizinadutse, koma kalata yawo inabwerera, adiresiyo inali itatsekedwa. Chifukwa chimene Griffin sanalemberenso sitikuchidziwa mpaka lero.

Sanalembe dzina pa bolodi. Anasindikiza pepalalo, anatseka sitolo, n'kundipempha kuti ndiwaperekeze. Tinapeza Lettie akuyanika chinangwa pathandala, a Jeremiah ali pampando pansi pa mtengo wa mango. A Chiumia anagwada, munthu wamkulu ngati uja, n'kuwerenga kalatayo mokweza mpaka pa nambala yodukayo.

Lettie sanalire msanga. Anafunsa tsiku la kalatayo, anawerenga ndi zala, n'kunena kuti, "Ogasiti ameneyo ndinkabwera tsiku lililonse, Ada. Tsiku lililonse munkandiuza kuti palibe."

"Ndinkatero, mama," anayankha a Chiumia. "Inali momwemo. Sindinaione."

Kwathu kuno munthu akafera kutali timasonkha, timagulitsa ngakhale bwato, kuti thupi libwere lidzagone pakati pa abale ake. Mwezi wathunthu Aleck anagona ku mochale kudikira, ife tili pamtunda wa mikono iwiri kuchokera pa uthenga wake, wina akutaipa, wina akusoka. Chimenechi chimandipwetekabe.

A Jeremiah anatenga pepalalo n'kulisisita ndi chala, kenako anati, "Ada Chiumia, bwezerani makina anu mmene analili. Bola ndizimumva akuti ali bwino."

"Sindingathe, ada. Ngakhale ndikanatha, sindikanachita."

Nkhuku zinkatola chinangwa chogwa pansi popanda wozithamangitsa. Kenako mkuluyo anatembenukira kwa mpongozi wake.

"Wadikira mokwanira, mwana wanga. Tilire maliro, ukatero uzipita."

Maliro tinalira Lachisanu, opanda bokosi. Anthu anaimba nyimbo zonse, alaliki analalika, koma itafika nthawi yonyamuka kupita kumanda panalibe chonyamula, ndipo tinangoyang'anana mpaka anthu anayamba kubalalika okha. Lettie anakwatiwa ku Limphasa chaka chotsatira.

A Chiumia akadali pa ntchito yawo, ngakhale masiku ano aliyense ali ndi foni ndipo makalata amabwera mwa apo ndi apo. Anzawo akutali aja akasintha chilichonse m'pulogalamu amawatumizira iwo poyamba kuti ayese ndi kuzula pulagi. Koma Loweruka lotsatira maliro aja sanabwere kusitolo, anangonditumizira makiyi. Magetsi anazima m'mawa n'kuyaka masana. Ndinalowa ndekha, ndinayatsa kompyuta, ndinadikira. Pamwamba panalibe kalata iliyonse yatsopano. Ndinakhala pampando wa a Chiumia ndikuyang'ana pamalo opanda kanthuwo, ndipo ndi pamene ndinamulira Aleck koyamba.