A Rahim ndi Chilumba Chobisala mu Utsi

A Rahim Stambuli a ku Likangala sanali munthu wokhazika matako pansi. Ngakhale pa ukwati ankangosunthasuntha ngati akhalira linthumbu. Akazi awo, a Safina, ankadandaula kuti anakwatiwa ndi miyendo, mwini wake amangobwera kudzasintha malaya.

Anabadwira pa chilumba cha Chisi m'nyanja ya Chilwa, koma anachokako akadali mnyamata n'kudzayamba kulemba zikwangwani m'tauni ya Zomba. Maokala a ku Chikanda, zigayo, malo ogulitsira nyama, monsemo burashi yawo inadutsamo. Ometa tsitsi okha ndiwo sankamvana nawo, poti ankafuna mitu ya anthu pakhoma, pamene a Rahim, Msilamu wosaphonya swala, sankajambula cholengedwa chopuma. Ndiye anatembenukira ku madzi ndi mapiri. Chithunzi chawo unkachidziwira patali: chilumba cha kwawo, madzi, ndi mabwato opanda munthu, ngati asodzi onse apita kumzikiti.

Anali ndi lamulo lawolawo, ndipo pamenepo panalibe wowasuntha. Sankajambula za m'mutu kapena zoonera pafoni. Ankakwera phiri la Zomba, nsalu ndi mapenti kumsana, mpaka pamalo poonekera nyanja, n'kujambula chokhacho chimene maso aona tsiku limenelo. Chaka chimene nyanja inaphwa, iwo anajambula matope ong'aluka ndi mabwato atagona chammbali. Palibe mlendo anagula. Anzawo ogulitsa ziboliboli anawanyengerera kuti angothirapo penti wa buluu, nanga mzungu adziwa bwanji? Anakana kwamtuwagalu, nati burashi yawo sinaphunzire bodza. Banja linadya therere mpaka madzi kubwerera.

Kenaka kunabwera chaka cha utsi. Chilimwe chilichonse anthu amatentha tchire ndipo chigwa chimachita mbuu, koma chaka chimenecho a Rahim ankati zanyanya. Ankatsika phiri ali lilime panja, akunyoza osaka mbewa, owotcha makala, aliyense woyenda ndi machesi. Zithunzi zawo zinayamba kuyera. Chisi chinkangooneka ngati banga la mafuta pa nsalu ya patebulo.

Kunyumba a Safina ankaona zina. Bambowo ankathira tiyi pambali pa kapu. Tsiku lina anapereka moni kwa thumba la makala. Mwana wawo Bushra, telala wa ku Zakazaka, anawayang'anitsitsa padzuwa n'kuona kuti pakati pa maso pachita zoyera. Anawauza mosapsatira kuti ndi ng'ala, ndipo kuchipatala amachotsa, anthu n'kuonanso.

Eee, anaputa mavu! A Rahim anali atamva kwa anzawo a pabawo kuti madokotala amazula diso n'kuliika pambale, ndipo anati diso la wojambula saliika pambale ngati kachewere. Vuto ndi utsi basi, mvula ikangogwa aliyense achita manyazi. Koma kunena zoona, munthuyo anali ndi mantha. Ngati sunali utsi, ndiye kuti kwawo sadzakuonanso, ndipo chimene sakuchiona sakanachijambula.

Mwezi wa Okutobala anautha akuyendayenda. Kumsika, kumlatho wa Likangala, kubwerera, kukweranso phiri, kufunsa aliyense ngati waona mtambo cha ku Mulanje. Chakudya ankadya chiimire. A Safina anatopa n'kulankhula, anangoyamba kuwachotsera mipando m'njira.

Mvula inagwa mu Novembala, yamkokomo, yotsuka fumbi lonse. M'mawa mwake a Rahim ananyamula katundu wawo, Bushra n'kutseka shopu kuwatsatira. Atafika pamwamba anapeza amayi ogulitsa masitirobere akulozera alendo kum'mawa, akuti lero kwayera, ngakhale mabwato ungawawerenge.

A Rahim anaimika nsalu yawo mwakachetechete. Anatsinzina, napukuta maso ndi mkono wa malaya, nayang'ananso. Kenaka anafunsa osatembenuka.

"Bushra, ukuona chiyani kumeneko?"

"Chisi chonse, ababa. Ndi mitengo yomwe."

Mwanayo anagwidwa ndi chisoni. Anawachonderera kuti angojambula, poti dzanja lawo chilumbacho likuchidziwa ngati njira ya kubafa, ndipo iye aziwauza mtundu wa madzi. Ndani akanadziwa? A Rahim anangopukusa mutu, n'kufinya penti woyera wambiri.

Anajambula mpaka dzuwa kufika paliwombo, ndipo aka kanali koyamba Bushra kuwaona atakhala malo amodzi nthawi yaitali chotero. Amayi a masitirobere anabwera kudzasuzumira, kenaka anabwerera ku malonda awo. Kunja kunali kowala ngwee, nyanja ikung'anima, koma pansalupo panali chifunga chokhachokha, ndi kamthunzi pakati pomwe panayenera kukhala kwawo.

A Rahim anatsuka maburashi awo mmodzimmodzi, nawakulunga m'kansanza. Chithunzicho anamupatsa Bushra kuti anyamule.

"Undigwire dzanja potsika," anatero. "Ndipo mawa usatsegule shopu. Undiperekeze kuchipatala, kwa anthu a mbale aja."