Belu la Pakhonde

Ndikukumbukira Loweruka lina ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, titatha chaka tikukhala ku Lang'ata, mumzinda wa Nairobi. Abambo ankagwira ntchito ku bungwe lina la zaumoyo, ndipo ine ndinkaphunzira ndi ana a anthu opata. Pofuna kufanana nawo, ndinali nditawanamiza kuti agogo anga anali ndi esiteti ya tiyi ku Thyolo.

Tsikulo abambo ndi amayi ananditenga, pamodzi ndi mnzanga wa m'kalasi dzina lake Wanjiru, kukaona nyumba yakale ya matabwa kunja kwa mzinda. Anaimanga ndi mzungu wina wolima khofi nthawi ya atsamunda. Mizati yake inali yakuda bii, matabwa apansi ankalira tikamaponda, ndipo m'zipinda monse munkamveka fungo la polishi ndi utsi wakalekale. Mayi wotionetsa malowo anatifikitsa pakhonde, natilozera kabelu kamkuwa kamene kanali patebulo. Anati dona wa nyumbayo akafuna tiyi ankaliza kameneko.

Akuluakulu atalowanso m'nyumba kukaona zithunzi, ine ndi Wanjiru tinatsala. Ndinakhala pampando wa donayo, n'kusanjikiza miyendo, n'kuliza belu lija. Kenako ndinakuwa m'Chingerezi, mawu ndikutulutsira m'mphuno: "Boyi! Bweretsa tiyi msanga!"

Wanjiru anaseka. Koma kumunsi kwa masitepe kunali bambo wina wokalamba, wovala ovololo yobiriwira, amene ankadulira maluwa. Belu litangolira anaweramuka, n'kuima njo, dzanja lake likupita kuchipewa. Ataona kuti woitanayo ndi mwana, dzanjalo linatsika pang'onopang'ono. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anawerama n'kupitiriza ntchito yake. Wanjiru anasiya kuseka.

Nditacheuka, abambo anali ataima pakhomo. Sanandikalipire. Anatsika masitepe, napatsa moni mkulu uja ndi manja awiri, n'kupepesa m'Chiswahili chawo chopereweracho. Mkuluyo anangoti, "Ni mtoto tu," kutanthauza kuti ndi mwana chabe.

"Mphatso, tiye kuno," anatero abambo.

Tinadutsa kapinga wometedwa bwino, tinadutsa maluwa ofiira ndi achikasu, mpaka kuseri kwa mpanda wa mitengo kumene wotionetsa uja sanatifikitseko. Kumeneko kunali mzere wa tizipinda tamalata, topanda mawindo. M'kamodzi munali wilibala ndi matumba a feteleza. Abambo anandiuza kuti ndilowe n'kutambasula manja. Panangotsala pang'ono kuti ndikhudze makoma onse awiri.

"Agogo ako anali kuki, wophikira mzungu ku Thyolo," anatero motsitsa mawu. "Ine ndinabadwira m'kachipinda ngati aka. Tinkagonamo anthu asanu ndi awiri. Belu likalira, ankasiya chakudya m'mbale n'kuthamanga. Anali ndi imvi, koma ankawaitana kuti boyi, ine mwana wawo ndikumva."

Agogo amene ndinkawadziwa anali a pachithunzi cha pabalaza, mkulu wa mpingo wovala suti. Ndinayang'ana pansi, misozi ikugwera pansapato.

"Kulakwa n'kwanganso," anapitiriza abambo. "Sindinakuuzepo. Tsopano pita ukapepese wekha."

Mtunda wa kuchokera patizipindato kukafika pamaluwa paja unali waufupi, koma ndinayenda pang'onopang'ono mpaka ndinafika pamene panali mkulu uja. Ndinagwada pa udzu wonyowa monga timachitira kwathu. Chingerezi chonse chinandithawa, Chiswahili osachidziwa, ndiye ndinangoti, "Pepani, agogo." Sindikudziwa ngati anamva mawuwo. Anagwedeza mutu, nandikodola kuti ndidzuke ndisadetse diresi.

Pobwerera tinamsiya Wanjiru kwawo, ndipo Lolemba lake sanatchule za nkhaniyo, inenso sindinaiyambe. Bodza la esiteti lija sindinalibweze mpaka ndinachoka pasukulupo. Mtima wolibweza ndinalibe, ndipo zimenezi zimandichititsabe manyazi kuposa belu lenilenilo.

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndipo abambo anatisiya. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti tchimo langa linali mwano kwa munthu wamkulu. Linalidi, koma linaposa pamenepo. Utsamunda unali utatha kale ine ndisanabadwe, komabe thupi la mkulu uja linali lisanaiwale, ndipo ine, mdzukulu wa kuki, ndi amene ndinalikumbutsa pochita masewera. Ana anga ndinawauza ntchito imene agogo a mayi wawo ankagwira asanafike msinkhu wochita nayo manyazi.