Moni wa azakhali a ku Nyambadwe

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, ankakhala okha ku Nyambadwe m'nyumba imene malemu amuna awo anawasiyira. Ife tinkakhala ku Chirimba. Si kutali, koma ulendo wopita kwawo unkatilemera.

Ukangolowa pageti, moni wawo unali umodzimodzi: "Kodi mwatikumbuka lero? Ndimayesa mukudikira uthenga wa maliro." Ukakhala pansi, ankakukumbutsa nthawi yonse imene sunabwere, tiyi n'kumazizira m'kapu. Pochoka unkamva ngati wapalamula mlandu. Ulendo wotsatira unkauzengereza, ndipo ukachedwa, mawu aja ankawawa kuposa kale. Azisuweni anga anasiya kupitako mmodzimmodzi.

Nthawi imeneyo ndinali ku koleji ya uphunzitsi. Tinaphunzira za khoswe woikidwa m'bokosi: akakanikiza kachitsulo n'kugwa chakudya, amabwereza, koma akakanikiza n'kumva kuwawa, amasiya. Patchuthi ndinawafotokozera amayi akusita zovala. Anaika pansi simbi.

"Zimenezo si za azakhali ako?" anatero, osaseka.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi tinapita limodzi. Azakhali anatilandira ndi moni wawo uja, atandiloza ine. Amayi anadikira mpaka titakhala.

"Alamu," anatero, "mwanayu wakhala akunena za inu sabata yonse. Amene sanabwere sakukumvani. Akukumvani ndi amene wabwera."

Azakhali anaimirira. Anapita kukhitchini ndipo anakhalitsako. Atabwerera, maso ali ofiira, anati, "Nanga ndizinena chiyani, alamu? Masiku amatalika m'nyumba muno."

Ndinachita manyazi ngati ndayankhula ndine. Pobwerera mu minibasi amayi ankangoyang'ana pawindo.

Mwezi wotsatira ndinapita ndekha. Azakhali anatsegula pakamwa, "Kodi mwati..." n'kulekeza. Kenako anati, "Lowa mwanawe, dzuwa laswa mtengo." Tinathyola mapeyala kuseri kwa nyumba, iwo akundisimbira za bambo anga ali mwana kwathu ku Nsanje. Ndinachoka madzulo, ndisanazindikire kuti nthawi yatha.

Sanasinthiretu. Masiku ena madandaulo ankabwerera, ine n'kutsanzika msanga. Masiku ena ankaugwira mtima, ine n'kukhalitsa mpaka kuwathandiza kuthirira maluwa. Sindinkachita dala, miyendo inkangodziwa yokha. Mwina iwonso anaona kusiyana kwake, pakuti m'zaka zawo zomaliza madandaulo anachepa ndithu. Sindidziwa kuti ndani ankaphunzitsa mnzake.

Mwa azisuweni onse aja, anayambiranso kubwera ndi mmodzi yekha. Ena ndikawauza kuti azakhali asintha, ankavomera ndi mutu, n'kunena kuti apita akapeza mpata.