Alendo Amene Tinkawasiya Adye Okha

Pachitseko cha nyumba yathu ku George, komboni ya mu Lusaka, panakhomedwa kathabwa kobiriwira, kakang'ono ngati chikhatho, kojambulidwa phazi loyera. Dzuwa likakawomba, utoto wake unkanunkha mpaka m'nyumba. Amayi ankakapukuta ndi kansalu konyowa m'mawa uliwonse asanasese n'komwe pakhomo, ndipo ine ndikati ndikakhudze ankandimenya kadzanja. Kathabwako kankatanthauza kuti nyumba yathu ili panjira ya alendo. Ndinali kamtsikana ka giredi folo nthawi imeneyo, ndipo bambo anga anali atamwalira m'dzinja la chaka chomwecho.

Bambo ankawotcherera mageti ku Matero. Atapita, anatisiyira nyumba ya zipinda ziwiri, khanda kumbuyo kwa amayi, ndi njala imene inkabwera mwaulemu, pang'onopang'ono. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anabwera kuchokera ku Chipata maliro atatha. Musawaganizire zoipa amalume angawo, anali munthu wachifundo, kungoti chifundo chawo chinkayenda ndi nzeru zouma. Anayang'ana m'thumba la ufa, anayang'ana ife, kenako anati: "Achemwali, chisanu chikatha ndibweranso. Mukakhala kuti simunapeze chogwira, wamkuluyu ndimutenga akaphunzire kwathu." Wamkuluyo ndinali ine. Amayi anangondikokera pafupi n'kuyamba kundimasula tsitsi lomwe anali atangondiluka dzulo lake.

Chisanu chitangoyamba, kutchalitchi kwathu kunabwera aphunzitsi a ku yunivesite, bambo wamtali wa magalasi, m'Zambia mnzathu, ali ndi ophunzira awo. Anati akuchita kafukufuku wa zokopa alendo. Anafotokoza kuti anthu ochokera kunja akatera mu Lusaka amangogona, m'mawa n'kuthamangira ku mathithi kapena kokaona nyama, ngati kuti m'tauni muno mulibe anthu. Iwo ankafuna kudziwa ngati alendowo angayende wapansi m'komboni, chimene chingawasangalatse, pomwe angakhalitse, ndiponso momwe phindu lingatsalire kwa eni malo popanda kusandutsa komboni kukhala chionetsero. Anati chisanu chonse chikhala choyesera. Nyumba zimene alendo adzazikonde zidzatsala panjirayo, ndipo eni ake adzakhala ndi ntchito yokhazikika.

Amayi anasankhidwa kuti azilandira nawo alendowo chifukwa azimayi a kutchalitchi anawaloza onse pamodzi. Pa ukwati uliwonse ndiwo ankagwira mphika wa mpunga, ndipo pansi pa nyumba yathu pankawala moti ntchentche inkaterereka. Tsiku limenelo tinabwerera kunyumba amayi akuyimba, koyamba chimwalirire bambo. Panjira anandiuza kuti Chipata ndidzangomumva m'kamwa mwa anthu.

Agogo athu anachokera ku Dedza kalekale kudzagwira ntchito m'mafamu a azungu, ndipo ngakhale amayi anabadwira mu Lusaka, mwambo wa alendo anausunga osataya kanthu. Mlendo wolemekezeka umamulonjera utagwada. Umamupatsa mpando wabwino, umamusambitsa m'manja, umamuikira chakudya chovundikira, kenako umatuluka. Inde, umatuluka. Sukhala pamenepo kumuwerengera nthongo, kumuyang'ana m'kamwa ngati ukudandaula ndi nkhuku yako. Umamusiya adye momasuka, anyambite zala ngati akufuna, ndipo akamaliza ndi pomwe umabwera kudzathokoza. Kwa amayi umenewu sunali mwambo woti munthu n'kuufotokoza. Unali ulemu basi, ngati kuvala.

Ndimakumbukira Loweruka loyamba ngati dzulo. Kunali kamphepo kouma kaja ka Juni kamene kamang'amba milomo, fumbi likuuluka ndi mapepala a shuga. Amayi anabwereka mipando ya sofa kwa abusa, anayala nsalu yoluka pathebulo, anatulutsa mbale za maluwa zimene bambo anawagulira ku Kamwala. Ine anandidzoza mafuta mpaka chipumi chinkanyezimira. Alendo anafika ndi zipewa zawo ndi mabotolo a madzi, nsapato zitayera ndi fumbi, ndipo nawo panali wophunzira mmodzi wa aphunzitsi aja, mtsikana wa ku Kopala, kuchigawo cha migodi, amene tinkangomutchula kuti asisi. Ntchito ya asisi inali kuima pakona n'kumayang'ana.

Ndinazungulira ndi beseni ndi jagi ya madzi ofunda, nditagwada, maso pansi monga anandiphunzitsira. Amayi anaika mpunga, nkhuku ya kumudzi, masamba otendera aja timati visashi, ndi chikanda chodula bwinobwino. Mayi wina wachizungu wa tsitsi la imvi anamenyamenya pampando pafupi naye, akumwetulira, kuitana amayi kuti akhale. Amayi anawomba m'manja mwaulemu, anabwerera chambuyo, anandikoka, n'kutseka chitseko.

Tinakakhala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mbaula, khanda likuyamwa. M'nyumba munali zii. Tinkangomva kasupuni kakugunda mbale apo ndi apo, ndi kutsokomola. Amayi anandinong'oneza kuti ndikasuzumire pa kabowo ka zenera. Ndinaona anthu akuluakulu atakhala chowongoka ngati ali pachipatala, akuyang'ana chithunzi cha bambo pakhoma, akuyang'anana, akuyang'ana chitseko. Mayi wa imvi uja anadzuka, anatsegula chitseko n'kuitana. Amayi anaganiza kuti mchere wachepa, ndiye anandituma nawo pa kambale.

Sanakhalitse. Nkhuku inatsala pafupifupi yonse. Kuchoka kwathu analowera kwa aneba athu, mayi wachibemba wa mawu aakulu amene nayenso anali ndi kathabwa pachitseko. Aneba amenewo, Mulungu awadalitse, sanabwereke ngakhale mpando umodzi. Anawakhazika alendo pa zigubu, anapatsa bambo wina wamimba yaikulu munsi kuti asinje nshawa, anamanga mayi wa imvi uja chitenje n'kumuuza atembenuze vitumbuwa. Mafuta akamuthethekera, onse ankafa nako kuseka. Phokoso lake linkadumpha mpanda n'kutipeza tikutsuka mbale zodzaza.

Madzulo ake aneba anasuzumira pampanda. "Imwe ba neba, nanga mubisala chani? Aba bantu bafuna chabe kuseka. Bapaseni munsi basinje!"

Amayi anaseka nawo mwaulemu. Koma aneba atachoka anapukusa mutu n'kundiuza kuti munthu wochokera kutsidya kwa nyanja, wotopa, kumupatsa munsi ndi kumuchititsa manyazi, ndipo alendowo akuseka chifukwa ndi anthu oleredwa bwino. Anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, choncho nthawi yochepa imene ali pakhomo pako asaone thukuta. Ine ndinavomereza ndi mtima wonse. Ndinkawaona aneba aja ngati munthu wopanda khalidwe.

Masabata anapita choncho. Gulu lililonse linkalowa kwathu likumwetulira n'kutuluka mofulumira, likuthokoza mopitirira muyeso. Amayi sanali opusa, ankaona kuti chinachake sichili bwino. Koma mankhwala amene ankawadziwa anali amodzi okha: kuwonjezera ulemu. Anagulitsa jekete ya bambo kwa ogulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, kuti nkhuku isasowe. Anayamba kuphika ndi keke ya pambaula, mchenga pansi makala pamwamba. Anaganiza kuti mwina khanda likalira limasokoneza alendo, ndiye tinasiya kukhala kuseri kwa nyumba n'kumakakhala kutali, pansi pa mpapaya wa kumalire. Ankagwada motsika kwambiri, ankatuluka mofulumira kwambiri. Mayo ine, ndikaganiza lero mtima umandiwawa. Ankakumba dzenje lomwe ankafuna kutulukamo, ndipo ine ndinkawathandiza mokondwa.

Tsiku lina alendo atatuluka, amayi anagwira asisi dzanja pakhomo. Sindinawaonepo akupempha munthu motero. Anafunsa kuti akulakwitsa pati, kaya ndi mchere, kaya ndi mafuta, kaya ndi nyumba, awauze asinthe. Asisi anayang'ana pansi, anayang'ana kumsewu komwe aphunzitsi anaima ndi alendo pafupi ndi minibasi. Maso awo anali ofiira.

"Ba mayi, sibativomeleza kukamba. Chitani chabe mwamene mumachitila masiku onse."

Ndakula, ndipo ndagwira ntchito yolandira alendo mu loji ku Livingstone kwa zaka zambiri, kotero lamulo limenelo ndikulidziwa tsopano. Wofufuza sayenera kukhudza chimene akuchiyang'ana. Akauza nyumba imodzi zochita, zotsatira zake zimakhala zabodza, ndipo ntchito ya chisanu chonse yawonongeka. Sindikutsutsa. Njira ya alendo ija ilipo mpaka lero, inakumbitsa ngalande ndi zimbudzi, ndipo ana a aneba aja anaphunzira nayo sukulu. Aphunzitsi aja sanali mfiti. Koma mundikhululukire, ine ndimakwiyabe. Asisi anali mwana wa kuno, ankadziwa bwino lomwe chifukwa chimene amayi ankatulukira, ankadziwanso chimene alendo ankanena akafunsidwa mu minibasi. Mawu awiri okha, akuti "khalani nawo", akanakwana. Ofufuzawo ankayang'ana khalidwe la alendo, ndipo mayi wamasiye amene ankamira pamaso pawo anali mbali chabe ya zimene ankayang'anazo.

Mphepo ya Ogasiti itayamba kuzula malata, anatiitananso kutchalitchi. Aphunzitsi anaonetsa zithunzi pakhoma, anathokoza aliyense, analankhula Chingerezi chambiri chokhudza chitukuko chokhalitsa. Kenako anati njira ifupikitsidwa, chifukwa m'nyumba zina alendo sanamve kuti alandiridwa. Asisi ndi amene ankamasulira, ndipo pofika pamenepo mawu awo anatsika moti akumbuyo anapempha kuti abwereze. Anabwereza. Palibe amene anatchula dzina, koma azimayi a kutchalitchi onse anapewa kuyang'ana komwe tinakhala.

Amayi sanalire pamenepo. Anakhala chowongoka, manja pamiyendo, mpaka pemphero lotsekera. Titafika pakhomo anaima n'kunena chapansipansi, osati kwa ine kwenikweni, "Ine? Osalandira alendo?" Mawa lake kunabwera anyamata awiri ndi hamala kudzazula kathabwa kaja. Amayi anawapatsa mipando, anawaikira tiyi ndi mbatata, n'kutuluka.

Chimene chinawapweteka kwambiri si ntchito imene inatayika ayi. Akanawauza kuti nyumba ndi yaing'ono kapena mpunga ndi wolimba, akanapirira. Koma anawatsutsa pa chinthu chimodzi chimene ankadziwa kuti amachitha kuposa aliyense mu George, ndipo sanawauze chifukwa. Anafufuza okha mumtima n'kupeza yankho lolakwika. Ankati mwina tinaperewera, mwina mbale zinali zakale, mwina ine ndinkayang'ana alendo m'maso posambitsa. Ine ndinakhulupirira zomalizazo, ndipo ndinazisenza nthawi yaitali.

Amalume anabwera monga analonjezera, kutentha kutayamba. Sanafunse zambiri. Anaona mabowo a misomali pachitseko, anaona kuti amayi aonda, n'kunena kuti basi ya ku Chipata imanyamuka m'mawa. Amayi anachapa zovala zanga zonse, ngakhale zoyera kale, anazisita ndi ayironi ya makala, anazipinda mu chikwama cha bambo. Ine, kupusa kwa ubwana, ndinali ndi kachisangalalo kokwera basi yaikulu. Ndinkaganiza kuti ndikupita kutchuthi chotalikirapo, ndipo Khirisimasi ikafika ndidzabwerera kusukulu yanga.

Pasiteshoni panali utsi wa dizilo, anyamata okuwa mayina a matauni, ndi fungo la mazira owiritsa. Amalume anakwera kukasunga malo. Amayi anagwada pafumbi kuti maso athu alingane, khanda likugona kumbuyo, anandikonza kolala imene inali yokonzeka kale. Ndinkayembekeza kuti andiuza tsiku lodzanditenga. Anakhala kanthawi akufunafuna choti andipatse, chinthu chabwino koposa chimene anali nacho, chimene chikanandisunga pakhomo pa eni ake.

"Kumeneko ukakhale ndi ulemu, mwana wanga," anatero. "Alendo akamadya, uzituluka. Wamva?"

Ndinati ndamva. Ndinakwera, ndinakhala pazenera, ndinawabayibitsa mpaka basi inakhota. Sindinkadziwa kuti chimene andipatsacho ndi chomwe chatilekanitsa, ndipo iwonso sankadziwa, mpaka anamwalira asakudziwa. Sindinkadziwanso kuti ine ndi amayi sitidzakhalanso nyumba imodzi.