Amayi Rufina Mendai ndi Mbewu ya Mbatata

Mwezi wathawu parishi yathu inaika m'manda Amayi Rufina Mendai a mphakati wa ku Kumbapos. Anthu sanakwane pabwalo la tchalitchi, ndipo achinyamata akhala akufunsa kuti gogo wamfupi uja, wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake, anachita chiyani. Tikulemba izi kuti adziwe.

Amayi Rufina anabadwira kuseri kwa phiri, ndipo chaka chake palibe akuchidziwa. Ali mtsikana, katekisiti wina ankabwera kudzaphunzitsa pansi pa mtengo, iwo n'kumamangirira nkhumba za bambo awo chapafupi kuti azimva nawo. Chimene chinawagwira mtima n'chakuti Mulungu amamva munthu aliyense, ngakhale mkazi, ngakhale ali kumunda. Anabatizidwa atatsala pang'ono kukwatiwa ndi a Kambao a kwathu kuno.

Kuyambira pamenepo ankafunsa Mulungu pa chilichonse: munda woti ayambe kulima, wodwala woti akamuone, mawu oti ayankhe mlamu wolongolola. Amuna awo ankawaseka.

"Mwafunsanso kumwamba? Tafunsaninso ngati mvula igwe, ndisavutike n'kufolera nyumba lero."

"Funsani nokha," ankayankha choncho. "Si mbale wanga ndekha."

Poti kuwerenga sankadziwa, Lamulungu lililonse ankatchera khutu ku Uthenga Wabwino, n'kutolapo mawu amodzi oti ayende nawo sabata yonse. Nkhani ikakhala yaikulu ankapemphera, kenako n'kukafunsa akhristu anzawo, n'kudikira. Sankabisa kuti nthawi zina ankaphonya. Tsiku lina anakwera phiri theka la tsiku, mtima utawauza kuti mng'ono wawo wadwala, koma anakamupeza ali bwinobwino, akuwaza nkhuni. Pobwera ankangodziseka. "Ndinamva zanga zomwe," anatero. "Mtima wangawu nthawi zina umakuwa kuposa Ambuye."

Kenako inabuka nkhondo ya malire pakati pa fuko lathu ndi anthu a ku Yalis, kumtunda uko. A Kambao analasidwa akukonza mpanda wa munda wawo, ndipo anasiya ana anayi. Amayi Rufina anadzipaka dothi la maliro. Pambuyo pake anaulula kuti kwa miyezi itatu sanafunse Mulungu kanthu, poopa yankho lake. Nkhondo inazirala, koma njira ya pakati pa midzi iwiriyi inamera tchire.

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi kunagwa chisanu choopsa masiku atatu otsatana. Minda ya kumtunda inada ngati yapsa ndi moto, mbatata n'kuwolera m'mitumbira. Munda wa Amayi Rufina, pokhala kuchigwa pafupi ndi mtsinje, unapulumuka. Posakhalitsa tinamva kuti ana a ku Yalis akudya masamba a kutchire, komanso kuti ngakhale nyengo itabwerera mwakale analibe mbewu yoti abzale.

Lamulungu lotsatira tinamva za khamu lanjala lija, pamene Ambuye anauza ophunzira awo kuti alidyetse iwo omwe. Amayi Rufina analimbana nawo mawuwo masiku anayi. Lachisanu anapita kwa katekisiti wathu, a Pius Tamben.

"Aphunzitsi, ndapempha Mulungu kuti andiuze china, koma sakusintha. Ndikaperekeko mbewu ku Yalis."

"Amayi, ine sindingakutumeni kumeneko. Akhoza kukuphani."

"Sindinabwere kuti munditume. Ingondiuzani ngati ndi tchimo."

"Si tchimo," anatero a Pius.

M'mawa mwake anadula kholowa wokhwima bwino n'kumulongedza m'bilumu, thumba lawo loluka. Mwana wawo woyamba, Lakaine, amene tsopano anali ndi ndevu, anaima pakhomo.

"Amayi, mwapenga? Mbatata ya m'munda wa bambo anga mukadyetse amene anawapha?"

"Ana akuwonda kumeneko aja anali asanabadwe n'komwe, mwana wanga."

"Mukapita, musadzanditchulenso mwana wanu."

"Ndinakubereka ndine, zimenezo sungazisinthe. Tandisenzetsa."

Lakaine sanawasenzetse. Anadzisenza okha, chingwe cha bilumu pamphumi, nayamba kukwera. Ankati m'njiramo kawiri konse anatsala pang'ono kubwerera. Atafika ku Yalis anakumana ndi amuna onyamula mauta. Pakati pawo panali a Yakapus, amene aliyense ankadziwa kuti ndiwo anatsogolera nkhondo ija.

"Mkazi wa Kambao, wadzatani kuno?"

"Ndabwera ndi mbewu. Itanani akazi anu msanga, ikufota."

"Ndiye ukufuna chiyani kwa ife?"

"Mundibwezere bilumu langa. Ndili nalo limodzi lomweli."

Amuna aja anangoyang'anana. Mayi wina anatuluka m'nyumba akulira, nawathandiza kutula katunduyo.

Anakwerako maulendo asanu ndi anayi. Pa ulendo wachinayi amayi atatu a mumphakati anapita nawo. Lakaine sankawalankhula, koma pa ulendo wachisanu ndi chiwiri anawatsata chapatali, nkhwangwa ili paphewa, akuti n'cholinga chowateteza. Ulendo wotsatira nkhwangwa anaisiya, n'kusenza katundu wa amayi ake. Patatha zaka ziwiri akuluakulu a mbali zonse anapha nkhumba n'kudyera pamodzi, ndipo lero akhristu a ku Yalis timapemphera nawo m'tchalitchi chimodzi.

Amayi Rufina sanadzitamepo ndi nkhaniyi. Anapitiriza kusesa m'tchalitchi Loweruka, kuweta nkhumba zawo, ndi kukhala pambali pa amayi oyembekezera. Maso atayamba kuchita khungu, anthu ankabwera pakhomo pawo kudzafunsa ngati akwatire, asamuke, kapena akhululuke. Iwo ankakana kuwasankhira. "Ine si mlosi," ankatero. "Gwada apa, tifunsire limodzi."

Sabata yawo yomaliza, atadzozedwa mafuta a odwala, anapempha kuti awatulutse panja aothe dzuwa. Mdzukulu wawo Yasinta, amene wapeza malo kusukulu ya unamwino mumzinda wa Lae koma akuopa kusiya amayi ake okha, anakhala pamphasa pambali pawo.

"Agogo, ndiuzeni inuyo. Ndipite kapena ndikhale?"

"Wapemphera?"

"Kambirimbiri, agogo. Sindikumva kanthu."

"Ukatha kupemphera umatani?"

"Ndimadzuka."

Gogoyo anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye umva bwanji? Umagogoda pakhomo n'kuthawa ngati kamwana. Uzikhala kaye pansi."

Anamwalira Lolemba masana, amayi a mumphakati akunena kolona, dzanja la gogoyo lili m'dzanja la Lakaine. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wagona atatopa ndi ntchito yabwino.

Sanatisiyire chuma kapena buku. Anatisiyira chitsanzo cha mkhristu amene ankafunsa moona mtima, nachita zimene wamva ngakhale zikhale zowawa. Yasinta sanasankhebe. Koma masiku ano Misa ikatha, ife tonse tikamatuluka, iye amatsala pabenchi yake, ali phee.

Mzimu wa Amayi Rufina uuse mumtendere.