Matayala a Winta

Fungo la labala wotentha ndimadana nalo mpaka lero. Ndikadutsa pamalo omatira matayala, kapena kombi ikamanga mabuleki mwadzidzidzi, ndimapezeka ndabwerera ku Tafara, dera lathu la ku Harare, m'chilimwe chija kwathu kunabwera galimoto. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Dzuwa la Okutobala linkaotcha malata mpaka kumalira okha, mipopi inali youma, ndipo fumbi lotuwa la kufakitale ya simenti linkatera pa masamba a mapeyala ndi pa zovala zoyanika. Ife ana tinkayenda chodumphadumpha pa phula chifukwa linkamata kuphazi.

Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo anakalambira pa makina a fakitale ina ya mapoto ku Graniteside mpaka tsiku limene inatsekedwa. Zaka zonsezo sanapondeko kwawo. Kumudzi ankawatcha mtchona, munthu amene anapita kukasaka ntchito n'kuiwala njira yobwerera. Kuno ku Harare anansi ankatitcha mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale ku Blantyre bambo anangodutsako pa lole. Uku mlendo, uko mtchona. Akakhala pakhonde ankakonda kunena kuti kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, koma akatero ankangotembenuza mpando kutsata mthunzi.

Chaka chimenecho uthenga unabwera ndi munthu wa pa basi. Azakhali a Nabanda, mlongo wawo mmodzi yekha amene anatsala, anali kudwala. Mawu awo anali ochepa: mlongo wanga abwere ndikadali ndi maso. Basi yopita ku Malawi inalipo, ndipo amayi anatero kumene. Bambo anakana. Munthu wachoka kwawo tsitsi lili bii, akafike ndi imvi atanyamula chikwama cha pulasitiki ngati wothawa nkhondo? Anaimbira foni achimwene anga a Lameki, mwana wawo woyamba, amene anali ku Canada kuyambira ine ndili kumsana. Pempho lawo linali loti abwere, apite limodzi, azakhali akaone kuti mtchona uja anabala mwana wamwamuna. Achimwene anati ntchito, anati mapepala, anati nyengo si yabwino. M'malo mobwera okha anatumiza galimoto.

Anaigula pa intaneti kuchokera ku Japan, yakale koma yopukutidwa bwino, ndipo dalaivala wolembedwa ganyu anaibweretsa kuchokera kumalire a ku Beitbridge. Inalowa mumsewu wathu masana ikugwedezeka m'maenje ngati ng'ombe yonenepa, ana onse a m'laini akuthamanga pambuyo. Inali yaitali, yotuwa, tayala lapadera litapachikidwa kuchitseko chakumbuyo. Pambali pa giya panali kagiya kena kakang'ono, kamene dalaivala uja anati ukakakoka mawilo onse anayi amakoka pamodzi. Mai Chipo, mnansi wathu wa Chishona, anasuzumira pa mpanda ali ndi thovu la sopo m'manja. "Hezvo, mabhurandaya atenga mota!" anatero akuseka, kutanthauza kuti tagula galimoto. Bambo anaseka nawo, ndipo tsiku limenelo dzinalo silinawapweteke.

Chimene chinandikopa ine ndi matayala. Anali ndi mano akuya, ndipo dzino lililonse linali ndi timizere ting'onoting'ono ngati mphini. Ndikakanikiza chikhadabo chinkalowa. Matayala a makombi anali ouma gwa, koma awa anali ofewa ngati chofufutira cha kusukulu. M'mbali mwake ndinapezamo kachithunzi: phiri la nsonga zitatu, m'kati mwake muli kanyenyezi ka nthambi. Ndinaitana bambo. Anagwada pansi ndi mawondo awo olira aja, anapukuta fumbi ndi chala, n'kuyang'ana nthawi yaitali. "Waliona phiri ili, mzime wanga? Ndi la Dedza limeneli. Matayala okwerera mapiri awa." Ndinakhulupirira, poti bambo anga sankanama.

Lamlungu achimwene anaimba, ndipo bambo anaika foni patebulo kuti tonse timve. Chichewa chinali chitawathawa kale achimwene, ankalankhula Chishona chosakaniza ndi Chingerezi, bambo akuyankha m'Chichewa. Atalandira zikomo wawo wokwanira, anaponyamo mawu ngati munthu wotaya khoko la nthochi. "Mavhiri acho ndee winta, dhedhi, asi anofamba." Ankatanthauza kuti matayalawo ndi a winta, koma amayenda ndithu.

"Winta?" anatero bambo, nkhope ili ngwee. "Ndiye wasankha bwino, mwana wanga! Kwathu ku Dedza ndi kwa winta. M'mawa umachita kuopa kugwira madzi."

Achimwene anaseka pang'ono, n'kuyamba kufunsa za mvula.

Kwa ife winta anali Juni ndi Julaye: majuzi onunkha utsi, milomo yong'aluka, kuothera mbaula m'mawa tisanapite kusukulu. Chipale chofewa, chija chimagwa kumwamba n'kukwirira misewu, tinkangochiona pa makadi a Khrisimasi. Panalibe ndi mmodzi yemwe m'nyumba mwathu amene akanaganiza kuti kuli mayiko kumene tayala limapangidwira kuyenda pa madzi oundana, ndipo kuti kanyenyezi kaja sikanali nyenyezi ayi, kanali chizindikiro cha chipale chofewacho. Bambo anakauza mpingo wonse kuti mwana wawo, ali kutali choncho, anakumbukira kuti kwa atate ake kumazizira.

Ulendo unafunika mafuta, ndipo mafuta sankatoleka pansi. Choncho kwa milungu ingapo bambo ankanyamula anthu kuchoka ku Tafara kupita m'tauni, m'mawa ndi madzulo, dzuwa likuswa mtengo. Ndikaweruka kusukulu ankandilola kukhala kumbuyo kwenikweni, pakati pa madengu a tomato a azimayi ogulitsa pamsika. Akanyamula akuluakulu a mpingo ankakoka kagiya kakang'ono kaja pa phula louma, kungofuna kuti amve mphamvu yake. Pokhota galimoto inkanjenjemera, matayala akulira ngati ana agalu, ndipo abambo aja ankagwedeza mitu n'kumati makina a ku Japan ndi ena. Tikafika kunyumba fungo la labala linkadzaza bwalo lonse, n'kulowa mpaka m'chipinda chogona. Ndikagwira tayala, m'manja munkatsala zakuda zonanda.

Amayi ndiwo anayamba kuona. Iwo ankasesa bwalo m'mawa uliwonse, ndipo ankadziwa mapazi a chilichonse chimene chadutsa pa fumbi lawo, kaya nkhuku, kaya mwana wa eni. Masiku oyamba galimoto inkasiya mapazi okongola ngati mkeka wolukidwa, moti ankachita kuwalambalala ndi tsache. Kenaka timizere tija tinasowa, mano n'kuyamba kufupika. Tsiku lina anaima ndi tsache m'manja bambo akupukuta galasi.

"Bambo a Lameki, mapazi a galimoto yanu akufufutika. Bwanji tifunse kwa odziwa tisanapite?"

"Mukufuna ndikauze anthu kuti mwana wanga wanditumizira zinyalala?"

Amayi anapitiriza kusesa. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba ndithu, ife ndife tinatseka makutu.

Tinanyamuka Loweruka lina titapemphera. Kumbuyo tinalongedza shuga, chigubu cha mafuta ophikira, bulangete, ndi chitenje chatsopano cha azakhali chimene amayi anasankha pamsika wa ku Mbare. Bambo anavala suti yawo ya kutchalitchi, ati sangalowe m'mudzi atavala ngati kondakitala. Anaimba nyimbo za kwaya mpaka ku Murehwa. Anandiuza za mbatata za kachewere za kwawo, za mitengo ya paini, za mtsinje umene iwo ndi azakhali ankasambamo, ndipo anandiphunzitsa kugwada ndi kuyankha kuti ndili bwino, kaya inu. Sindinawaonepo ali okondwa chotero. Ine ndinkangoganiza za phiri la nsonga zitatu.

Titadutsa Mutoko msewu unayamba kutsika ndipo kutentha kunasintha. Mphepo yolowa pawindo inali ngati mpweya wa mu uvuni. Miyala ikuluikulu inatha, panabwera minga ndi milambe, ndipo kutsogolo phula linkanyezimira ngati pathiridwa madzi. Tayala lakumbuyo linaphulika chakumasana. Bambo anavula jekete, anaika lapadera lija, limene linali la mtundu womwewo, long'aluka m'mbali chifukwa chokhalitsa padzuwa. Nyimbo zinathera pomwepo.

Lachiwiri linaphulika tatsala pang'ono kufika pa Nyamapanda, pamalire olowera ku Mozambique, ndipo linali lakutsogolo. Ndikukumbuka phokoso ngati la mfuti, galimoto ikukokera kumanzere, bambo akulimbana ndi chiwongolero, kenaka minga ikukwapula magalasi. Tinaima m'ngalande, fumbi lili koboo. Amayi anang'ambika mlomo. Chigubu cha mafuta chinatseguka n'kukhuthukira pa chitenje ndi pa jekete ya bambo. Tayala linali litasendeka ngati nthochi, mawaya ali panja, likufuka. Bambo analigwira ndi dzanja n'kupsa, koma sanachotse dzanjalo msanga.

Tinakhala pansi pa mlambe wopanda tsamba. Mabasi a ku Malawi ankadutsa pamaso pathu, katundu atasanjikizana pamwamba, anthu akutiyang'ana pamawindo. Imodzi inachepetsa liwiro, kondakitala n'kukuwa kuti Dedza, Lilongwe. Amayi anaimirira atagwira mlomo ndi mpango.

"Kwerani, bambo. Ife tilondera galimoto. Mlongo wanu akufuna nkhope yanu basi."

Bambo anayang'ana malaya awo akuda ndi labala, anayang'ana chitenje chonyowa ndi mafuta, kenaka galimoto ili chigonere m'ngalande. Iwo anali atatumiza kale uthenga kumudzi woti akubwera pa galimoto ya mwana wawo.

"Sindingakafike chonchi," anatero. Basi inapita.

Ndinawakwiyira tsiku limenelo, ndipo mkwiyo wake sunathe wonse. Malire anali pafupi moti munthu akanatha kuyenda wapansi.

Lole yobwerera ku Harare yopanda katundu ndiyo inatikoka, mawilo akutsogolo a galimoto yathu atapachikidwa m'mwamba. Tinalowa mumsewu wathu tili pa chingwe, ana omwe aja akuthamanga pambuyo. Mai Chipo anasuzumira pa mpanda, koma ulendo uno sanaseke. Madzulo anabweretsa mbale ya masamba n'kuisiya pakhomo, ndipo bambo sanatuluke kukathokoza. Matayala a msinkhu umenewo anali odula, choncho galimoto inakwezedwa pa njerwa. Bambo anati tidikire mvula ithe, tidzapita nthawi yokolola. Achimwene atamva anati pepani, anati zinthu zakale n'zosadalirika, anati aona chochita.

Mvula yoyamba inagwa mu Novembala, inatsuka fumbi la simenti pa mapeyala, ndipo ife ana tinavina m'matope. Sabata yomweyo foni inalira. Azakhali anali atamwalira, ndipo anali ataikidwa kale, poti abale anaona kuti kudikira mtchona n'kutaya nthawi. Bambo sanalire pamaso pathu. Anatuluka, analowa m'galimoto ili pa njerwa, anatseka zitseko, n'kukhala atagwira chiwongolero mvula ikumenya denga. Amayi anandiletsa kukagogoda. Kuyambira pamenepo mwambi wa njoka uja sindinaumvenso pakamwa pa bambo. Anamwalira patapita zaka zingapo ndipo tinawaika kumanda a ku Mabvuku, kuno ku Harare, pakati pa anzawo a ku Ntcheu ndi ku Mangochi amene nawonso ankati adzapita nthawi yokolola. Achimwene anaonera maliro pa foni.

Ndili mwana ndinkati linali tsoka chabe. Nthawi zina ndinkati ndi dzuwa la ku Nyamapanda, nthawi zina ndinkati ndi kuuma mutu kwa bambo, ndipo mbali imeneyo ndikuivomerabe. Koma achimwene ndinkawachotsamo m'mlandu. Ndinkati munthu ali kutsidya kwa nyanja, wagula chinthu pa chithunzi, akanadziwa bwanji?

Chaka chathachi mu Epulo anatumiza kanema pa gulu la banja la pa foni. Anali pakhomo pawo, chipale chikusungunuka m'mbali mwa msewu, akuphunzitsa mwana wawo wamwamuna kumasula mawilo. Ankafotokoza modekha, m'Chingerezi, ngati mphunzitsi wabwino. Anati matayala a winta amachotsedwa kukangoyamba kufunda, chifukwa pa phula lotentha amatha ngati sopo ndipo akhoza kukupha. Anati iwo akhala akuchita zimenezi chaka ndi chaka chifikireni m'dzikolo, ndipo munthu wosamala banja lake sachita ulesi pa nkhani ya matayala.

Ndinaonera mpaka kumapeto ndili pa mzere wa madzi ku Tafara, chigubu chili pakati pa miyendo. Ndiye kuti Lamlungu lija ankadziwa. Anamva bambo akuyamika winta wa ku Dedza, anazindikira kuti nkhalamba yamva zina, ndipo kuwongola kunkangofuna mpweya umodzi. Koma zikomo anali wokoma, ndipo sanafune kumudula pakati. Abale pa gulupo anatumiza timanja toomba, ena n'kumati mwanayo wafanana ndi agogo ake. Ine ndinaika foni m'thumba, poti inali nthawi yanga yotunga.